Nsalu Yobisika m'Nkhokwe ya Zilazi

"Bwezeranimo mabatire, bambo a Tyokase. Wailesiyo anagula ndi mwana wanga."

Anatero Mama Mbakeren, mkazi wamkulu wa pakhomo pathu, ataima pakati pa bwalo, chipande chili m'manja. Amuna athu, a Iorhemen, anali gone pampando wawo pansi pa mtengo wa mango, mabatire anayi ali m'thumba la malaya. Ine Mnena, mkazi wachiwiri, ndinali pamtondo kusinja chilazi, koma munsi ndinkautsitsa pang'onopang'ono kuopa kuphonya mawu.

"Wailesi yasokoneza akazi pakhomo pano," anatero a Iorhemen. "Kukacha ndi wa khasu wati, kukada ndi wa khasu wati. Kodi wa chipani cha khasuyo ndiye adzakupalirireni munda?"

"Wati akangokhala pulezidenti, asilikali onse ali ku nkhondo ya eni ija abwera kwawo isanathe miyezi itatu. Ndamva ndi makutu angawa. Nanga wa nyali wanuyo wati chiyani?"

"Wati ntchito sasiyira panjira. Anyamata akhale komweko mpaka nkhondo ithe."

"Ithe liti? Takumba zilazi katatu mwana wathu Tyokase ali komweko, kumenyera anthu amene sitidziwa ndi chinenero chawo chomwe. Anakuberani mbuzi anthu amenewo?"

"Mawu a andale ndi thovu la mowa, mayi. Lero lili pamwamba, mawa palibe."

"Ngati ndi thovu, ndisiyeni ndimwe thovu langa la khasu. Inu muzimwa lanu."

A Iorhemen anadzuka n'kukhala tsonga. "Pakhomo pano mwini wake ndi mmodzi. Tsiku lovota nonse mukaima kumbuyo kwanga, ku nyali. Ndatha."

Chaka chimenecho povota kunalibe zobisala m'kachipinda. Munthu unkaima pamzere kumbuyo kwa chithunzi cha amene ukumufuna, dzuwa lili pamutu, mudzi wonse wa Tse-Akaa ukukuona. Mkazi woima mzere wosiyana ndi mwamuna wake ankadziwa kuti nkhani yake ikafika kuchitsime iye asanafike kunyumba.

Apa m'pamene anatulukira Nguemo, mkazi wa Tyokase. Mwana ameneyu anangokhala ndi mwamuna wake miyezi inayi yokha, galimoto ya asilikali n'kumutenga. Alibe ndi mwana yemwe womutangwanitsa. Chaka chilichonse amasankha chilazi chachikulu koposa m'munda mwake n'kuchisungira Tyokase. Chikayamba kumera amachibzala, n'kudikira china. Anagwada kutali pang'ono ndi mpando uja, maso pansi.

"Baba, ndilankhuleko?"

"Lankhula."

"Chibwerereni pakhomo pano sindinakutsutsenipo. Munda wa mwana wanu ndapalira ndekha zaka zitatu. Bambo anga anabwera kawiri kudzanditenga, ine ndinakana. Koma zoti ndikaime pamzere wonena kuti mwamuna wanga asabwere, Baba, miyendo yanga sikafikako."

Ndinasiyiratu kusinja. Amuna athu ndimawadziwa, nkhuku ikangodutsa pamphasa pawo mudzi wonse umamva. Ndinkayembekezera bingu. Koma iwo anangoyang'ana kumbali. Anatulutsa mabatire aja, kuwaika pansi bwinobwino, n'kunyamula khasu kupita kumunda osadya.

Anthu amati ndimakonda za eni, ndipo sindikana. Safunsa anadya phula. Bambo wanji amene safuna kuti mwana wake mmodzi yekha wamwamuna abwere ku nkhondo? Funso limeneli linandikhala pamtima ngati kamnofu kotsalira m'mano.

Kuchitsime aliyense anali ndi yankho lake. Wina anati a chipani cha nyali anawapatsa feteleza. Ameneyo ndinamuseka, chifukwa palibe thumba lolowa pakhomo pathu ine osalinunkhiza. Wina, amene mwana wake amayendetsa galimoto za asilikali komweko n'kumatumiza kangachepe, anati amuna athu ndiwo anzeru. "Akabwera onse pakamodzi adzadya chiyani kuno? Ntchito zili kuti?" Mnzake anamuyankha kuti nkhondo ya eni ndi imene yameza mankhwala a kuchipatala. Wachinayi anati tikathawa, nkhondoyo itilondola mpaka pachitsime pomwe pano. Anakangana mpaka ndowa kusefukira, koma palibe ananena zimene ndinkafuna.

Ndiye ndinayamba kuyang'ana ndekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaona kuti a Iorhemen, amene kale ankathamangira kumsewu akangomva galimoto yobweretsa makalata, tsopano ikalira sankatukula ndi mutu womwe. Ndinaonanso kuti ankalowa pafupipafupi m'nkhokwe ya zilazi n'kutuluka opanda chilazi. Tsiku lina atapita kumunda ndinalowamo.

Kuseri kwa zilazi za mbewu kunali mtolo wokulungidwa m'thumba la pulasitiki. Ndinamasula. Inali nsalu ya kwathu yotchedwa anger, ya mizere yakuda ndi yoyera, yatsopano, yosavalidwapo. Ndisaname, choyamba ndinaganiza kuti nkhalambayi ikufuna kutchena ikafunsire mkazi wachitatu, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza mawu. Kenako ndinakumbukira kuti anger sitivalira chikondwerero chokha. Timakulungiramonso munthu amene tikufuna kumugoneka mwaulemu.

Poifunyulula munagwa wotchi. Lamba wake anali wosokedwa ndi ulusi wofiira, ndipo ulusiwo ndinasoka ndine, tsiku loti mawa Tyokase anyamuka. Mtima unandiuza zonse pomwepo, koma ndinaukaniza. Ndinakulunga monga ndinapezera n'kutuluka.

Tsiku la msika litafika ndinawatsatira amuna athu chapatali, dengu la therere lili pamutu. Sanapite kwa ogulitsa fodya monga mwa masiku onse. Anakakhala pabenchi ya wosoka nsapato wina pafupi ndi pokwerera galimoto, mwamuna wa mwendo umodzi, ndodo zake zitatsamira khoma. Anamugulira chikho cha mowa wa mapira ndipo anacheza naye nthawi yaitali, mitu itagundana. Atachoka, ndinadula dala kalamba ka nsapato yanga n'kupita pomwepo. Wosokayo anthu ankamutcha Agera.

"Mwendowu munausiya kuti, achimwene?"

"Ku nkhondo ya eni, mayi. Unakana kubwera, ukuti kumeneko n'kwabwino."

"Ife mwana wathu ali komweko. Tyokase, wa ku Tse-Akaa."

Singano inaima. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu ndani wake?"

"Mayi ake aang'ono."

"Ndiye kafunseni akulu achoka apawa. Ndinawauza zonse kalekale."

"Akuluwo anameza mawu. Wotchi anabisa m'nkhokwe. Kunyumba kuli mayi ake ndi mkazi wake, akuwerenga masiku oti wa khasu awabweretsere munthu wawo."

Agera anaika nsapato pansi n'kupukuta nkhope ndi manja onse awiri.

"Miyezi khumi yapita, mayi. Anatiwombera pamlatho wina tikuperekeza magalimoto a chakudya. Iye sanavutike nthawi yaitali. Tinamuika ndi anzake asanu kuseri kwa msasa wathu, pansi pa migwalangwa. Manda ake ndinakumba nawo, mwendo ndikanali nawo."

"Nanga kalata? Ife sitinalandire kalata."

"Palibe analandira. Akuluakulu anati pakamwa titseke, makalata adzapita nthawi yake ikakwana. Akuti anthu akadziwa kuchuluka kwa amene agona kumeneko asanavote, akwiya. Ine atanditulutsa m'chipatala ndinaona kuti wotchi ya mnzanga ikundilemera m'thumba. Ndinafunafuna bambo ake mpaka kuwapeza. Papita miyezi isanu."

"Ndiye amadzafuna chiyani pano msika uliwonse?"

"Funso lawo ndi limodzi lomwelo. Amafunsa kuti manda amasesa ndani. Ndimawauza kuti anyamata amasesa Loweruka lililonse, anazunguliza ndi miyala. Ndiye amafunsa kuti, nanga anyamatawo akachoka? Kumeneko mvula ndi ya tsiku ndi tsiku, tchire silichedwa."

Therere lija sindinagulitse. Ndinabwerera nalo kunyumba, ndipo ndinalira njira yonse, chifukwa Tyokase ndinamubereka kumsana ngakhale sindinamubale. Pofika pakhomo ndinapeza Nguemo akuyanika zovala za mwamuna wake, akuti zichoke fungo la m'bokosi. Anandifunsa ngati ndapsa ndi dzuwa. Ndinati eya.

M'mawa mwake ndinawalondola a Iorhemen kumunda. Anali akuunda milu ya zilazi m'munda wa Tyokase, ntchito imene mwini wake akanagwira.

"Bambo, nsalu ija njenjete ziyamba kuidya."

Khasu linatsala m'dothi. Sanafunse kuti nsalu iti.

"Unalowa m'nkhokwe."

"Ndinalowa. Ndi kwa Agera komwe ndinafika."

"Iwe Mnena, chidwi chakochi chidzakupha."

"Chidzandiphe. Koma ndiuzeni, miyezi isanu mukudya chakudya chophika mwana uja, chimatsika bwanji?"

Anakhala pansi pamulu umene anali atangounda kumene. Ndinali ndisanawaonepo atakhala pamulu wa zilazi, iwo amene amakalipira mwana akangopondapo.

"Ukuganiza kuti wa nyaliyo ndimamukonda? Sindimudziwa n'komwe. Koma kwathu kuno mwana amagona pakhomo pa bambo ake. Wanga wagona pansi pa mitengo ya eni. Panopa ali ndi anzake, akumusesera, akudziwa kuti apa ndi pa Tyokase. Wa khasu akawachotsa onse miyezi itatu, mwana wanga atsala yekha. Chaka chimodzi chokha, palibe adzaloze malowo. Koma akakhalabe, mwina tsiku lina zinthu zitazizira adzandibweretsera ngakhale mafupa okha. Nsalu ija ndinagulira zimenezo."

"Ndiye ana a anzanu azifabe kuti azisesa manda a wanu?"

Anatola kachibuma n'kukafinya.

"Pali chinanso," anatero. "Ndikalengeza maliro, abale a Mbakeren abwera. Adzakhala uko, ife uku, ndipo adzandifunsa monga mwa mwambo kuti, mwana wa mlongo wathu wadya ndani? Tyokase ankafuna uphunzitsi, iwenso ukudziwa. Ndine ndinamukoka dzanja kukamulembetsa usilikali, ati ndizitchedwa bambo a msilikali. Ndidzawayankha chiyani, ndilibe ndi mtembo womwe woti aone?"

"Mlandu suola, bambo. Mukaubisa m'nkhokwe umangomera ngati chilazi. Nanga Nguemo?"

"Akangodziwa, apita kwawo."

"Ndi mwana wamng'ono. Apite, akayambe moyo. Mukumusunga ngati mbuzi ya pachingwe."

"Akapita, nyumba ija itsekedwa. M'mawa ndikamuona akusesa pakhomo paja, utsi ukutuluka, ndimaona ngati mwana wanga alipo."

Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinakwiya nawo nthawi yomweyo. Zinthu ziwirizi zinkakankhana m'chifuwa mwanga moti sindinadziwe kuti ndiwagwire dzanja kapena ndiwaponyere chibuma.

"Ndipatse nthawi, Mnena. Tivote kaye."

"Ayi. Muwauze asanapite kukaima pamzere. Asakaime padzuwa kuitana munthu woti anaikidwa kale. Kwatsala masiku asanu ndi anayi. Mawu ndi anu, ine sindikulandani. Koma wakutsina khutu ndi mnansi."

Masiku asanu ndi anayi aja anatha limodzi limodzi. Kawiri ndinawaona ataima pakhomo pa Mama Mbakeren, kukamwa kuli yasa, kenako n'kufunsa za mchere kapena za mbuzi. Ine ndinkadya nawo mbale imodzi akazi anzangawo, chinsinsi chili pakhosi. Amene amati kudziwa za eni n'kokoma sanasenzepo zoterezi.

Tsiku lovota Nguemo anadzuka akuimba. Anavala diresi imene anavala potsanzikana ndi mwamuna wake. Chilazi chachikulu chija anachitulutsa n'kuchiimika pakhonde.

"Mama aang'ono," anandiuza, "chino sichimera. Miyezi itatu si kanthu. Chino adya mwini wake."

Ndinayang'ana a Iorhemen. Anamva, koma anavala chipewa n'kutsogola. Ndinadikira onse achoke, ndinalowa m'nkhokwe, ndinaika mtolo uja m'dengu n'kuphimba ndi chitenje.

Pabwalo la sukulu zithunzi ziwiri zinali zitakhomedwa pamitengo. Mzere wa khasu unali utakhota mpaka kuseri kwa kalasi. Wa nyali unali wamfupi, koma unalipo ndithu, ndipo a Iorhemen anali achitatu kuchokera kutsogolo. Mama Mbakeren ndi Nguemo anali ku khasu, moyang'anizana nawo. Anthu ankatsinana n'kumaloza ndi milomo.

Mama Mbakeren analephera kupirira. Anatuluka pamzere n'kuima pakati.

"Bambo a Tyokase, anthu onsewa akuona. Ndiuzeni pamaso pawo chimene mwana wanga anakulakwirani."

"Bongololo sadzolera mafuta pagulu, mayi. Tikakambe kunyumba."

"Kunyumba takamba masabata atatu. Munamutumiza ndinu. Lero mukutsekanso njira yoti abwerere. Kodi si wanu?"

Ndinawapatsa mpata amuna athu. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi. Iwo anangoyang'ana chithunzi cha nyali ngati kuti chiwayankhira. Ndiye ndinayenda n'kukaima patsogolo pawo.

"Bambo, mwaiwala katundu wanu."

Ndinawapatsa nsalu ija. Inawapulumuka m'manja n'kufunyuluka yokha, mizere yakuda ndi yoyera n'kufika pansi, wotchi n'kugwera m'fumbi. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino kuchitira pamenepo. Ndimangodziwa kuti kunyumba sakananena.

Mama Mbakeren anawerama n'kutola wotchi. Anaitembenuza, anaona ulusi wofiira, kenako anayang'ana nsalu. Sanakuwe. Anafunsa ndi mawu aang'ono ngati a mwana.

"Ali kuti?"

"Pansi pa migwalangwa, kuseri kwa msasa wawo. Ali ndi anzake asanu."

"Liti?"

"Miyezi khumi."

"Inu mwadziwa liti?"

"Miyezi isanu." Misozi inali ikutsikira m'ndevu. "Akachoka anyamata atsala yekha, Mbakeren. N'chifukwa chake ndaima pano."

Mayi uja wa mwana woyendetsa galimoto, amene anali kumbuyo kwa a Iorhemen, anayamba kufunsa aliyense kuti kalata yomaliza ya mwana wake inabwera mwezi uti. Anatuluka pamzere wa nyali n'kuwoloka, osayang'ana munthu.

Nguemo anabwera pang'onopang'ono. Ulendo uno sanagwade.

"Baba, dzulo ndinakufunsani ngati nsapato zake ndizipake mafuta. Munati paka."

"Mwana wanga..."

"Manda a mwana wanu mwawasunga, ndamva. Nanga ine mumandisungira ndani?"

Nguemo anatembenuka n'kubwerera pamalo pake pamzere wa khasu. Ndinamutsatira n'kumugwira mkono.

"Tiye kunyumba, mwana iwe. Palibe angakunene."

"Ayi, Mama aang'ono. Ndaima kale. Pali wina kwinakwake amene wasunga chilazi, ndipo wake akadali moyo."

Ndinaima kumbuyo kwake. Wowerenga anthu, mnyamata wa m'tauni wa mapepala m'manja, anadutsa akugunda aliyense paphewa ndi cholembera. Atamaliza mizere yonse anapeza Mama Mbakeren akadali pakati, nsalu ya anger atailanda kwa amuna awo n'kuikumbatira pachifuwa.

"Amayi, nanga inu muli mzere uti?"

"Wa khasu sandibweretsera mwana. Wa nyali sanandiuze kuti wafa. Werengani ena, bambo."

Kwathu wa khasu anapambana, koma palibe anaimba pobwerera. Madzulo omwewo Mama Mbakeren anatumiza uthenga kwa alongo awo kuti abwere adzafunse funso lawo. A Iorhemen anasesa okha bwalo n'kuyala mabenchi mbali ziwiri, uko ndi uku.

Nguemo anakhala nafe mpaka maliro opanda mtembo aja atatha. Tsiku lachisanu bambo ake anabwera kachitatu, ndipo ulendo uno sanakane. Anatseka chitseko cha nyumba ya Tyokase n'kupereka kiyi kwa apongozi ake aamuna ndi manja awiri. Chilazi chija anachisiya pakhonde pomwe anachiimika.

Palibe amene analimba mtima kuchiphika. Patapita milungu iwiri ndinaona kuti chayamba kumera. M'mawa mwake a Iorhemen anachinyamula paphewa, khasu lili kudzanja linalo, n'kulowera kumunda wa mwana wawo. Ulendo umenewo sindinawatsatire.